Lipoti la nkhani: chilonda pa diso ndi mano obooka mwa mayi wouma misozi ndi malovu

Chidule

Mayi wa zaka 46 anafika kuchipatala ndi chilonda pa galasi la diso lamanzere (khungu loonekera la kutsogolo kwa diso), mano 9 obooka ndi lilime lofiira long'alukang'aluka. Kwa zaka 2 anakhala akuyenda uku ndi uku, za maso kwa a maso, za mano kwa a mano, za mapazi kwa ena, ndipo kulikonse ankalandira mankhwala a chimene chaonekacho. Gwero linali limodzi. Tiziwalo topanga misozi ndi malovu tinali titawonongeka ndi matenda a Sjögren, ndipo mankhwala atatu amene ankamwa anaumitsanso kochepa kamene kanatsala. Misozi ndi malovu zikaphwa, si chinyezi chokha chimene chimapita. Zimapita pamodzi ndi lysozyme, phospholipase A2, peroxidase ndi lactoferrin, zimene usana ndi usiku zimapha kapena kufooketsa mabakiteriya pa diso ndi m'kamwa. Dzina la wodwala ndi kwawo tazibisa.

Mbiri ya matenda

Mayiwa amakazinga mandasi pamsika, tsiku lonse ali pa utsi wa nkhuni ndi fumbi. Sasuta, samwa mowa, ana ali nawo 4. Chinawabweretsa ndi diso lamanzere lomwe linali litatha masiku 5 likuwawa, likuopa kuwala, ndipo likuona mwa chimbuuzi.

Koma maso anayamba kuvuta kalekale. "Adokotala, m'masomu mumakhala ngati mwalowa mchenga, koma ngakhale ndisukusule suchoka." M'mawa ankatulutsa manthongo oyera otalika ngati ulusi. Atafunsidwa ngati misozi imatuluka podula anyezi, anayankha za kumaliro: "Pamaliro a achimwene anga ndinalira mpaka mawu kusasa, koma msozi osagwa ndi umodzi womwe. Anthu anandinena." Yankho limeneli likanamveka zaka 2 zapitazo, diso likanapulumuka msanga. Funsolo silitha ngakhale theka la mphindi.

M'kamwa zinali chimodzimodzi. Mbamu iliyonse ya nsima inkafuna kapu ya madzi pambali. Chimanga chokazinga ndi mbatata yootcha anazisiya. Usiku ankadzuka katatu kapena kanayi lilime litamatirira kumwamba, ndipo ku kwaya anasiya kuimba chifukwa mawu ankauma nyimbo isanathe. Pofuna kunyowetsa kukamwa ankamunga masuwiti tsiku lonse, ndipo masuwiti akatha ankamunga bwemba. Zala za manja onse zinkalimba, osapindika bwino, m'mawa kupitirira ola limodzi.

Mankhwala amene ankagwiritsa ntchito: hydrochlorothiazide 25 mg wa BP, amitriptyline 25 mg usiku, kwa miyezi 14, chifukwa cha kutentha kwa mapazi, Piriton wogula okha maso akayabwa, ndi mankhwala odontheza m'maso okhala ndi dexamethasone wochepetsa kutupa, ogulanso okha, kwa masabata 3. Kutatsala masiku 2 kuti abwere, mpongozi wawo woyamwitsa anawadonthezera mkaka wa m'mawere m'diso lodwalalo.

Zimene zinapezeka

Kuona kunali 6/9 kumanja ndi 6/60 kumanzere (6/6 ndiko kuona bwino, nambala yachiwiri ikakula ndiye kuti kuona kwachepa). Pa galasi la diso lamanzere panali chilonda cha 3 mm ndi 2 mm, m'munsi pang'ono mwa kamwana ka diso, chotuwa moyera, cha m'mphepete modulika bwino, chozama pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 3 a galasilo. Mafinya anali asanaunjikane m'chipinda cha kutsogolo kwa diso. Diso lamanja, lomwe mayiwa ankati n'labwino, ndi limene linaulula matenda. Kamzere ka misozi kamene kamakhala pamwamba pa chikope cham'munsi kunalibiretu. Utoto wa fluorescein unaonetsa timadontho tobiriwira tambirimbiri kumunsi kwa galasi, ndi timaulusi ta mamina tomatirira. Misozi inkang'ambika pa masekondi 3 kuchokera pamene aphethira, pomwe kwa munthu wabwino imapirira masekondi 10 kapena kuposa.

Mayeso a Schirmer amachitidwa motere. Kapepala kosefera ka Whatman 41, ka 5 mm m'lifupi ndi 35 mm m'litali, kamapindidwa 5 mm kumapeto n'kukolowekedwa pa chikope cham'munsi cha kunja kwake, osakhudza galasi la diso, osadontheza mankhwala a dzanzi. Wodwala atseke maso mopepuka kwa mphindi 5, kenako muyeze utali wa pamene panyowa. Kuyambira 5 mm kutsika ndiye kuti misozi ndi yoperewera kwambiri. Zolakwika zake ndi zodziwika: kugwira kapepala ndi zala za mafuta, kuyeza pafupi ndi fani, kapena kuyeza mutangounika ndi tochi yowala, zomwe zimaputa misozi yadzidzidzi n'kukunamizani. Diso lamanja linanyowetsa 2 mm. Lamanzere silinayezedwe tsikulo, chifukwa diso la chilonda saliikamo kapepala.

M'kamwa, kamtengo kounikira kanamatirira ku tsaya. Pansi pa lilime panalibe dziwe la malovu. Lilime linali lofiira, losalala, long'aluka, ndipo m'ngodya za milomo munali zilonda. Mano 9 anali obooka m'khosi, pamene dzino limakumana ndi nkhama, ndipo 3 mwa iwo anali mano akutsogolo am'munsi. Apa m'pofunika kuima kaye. Mano amenewa amakhala osambitsidwa ndi malovu ochokera pansi pa lilime, choncho ndi omalizira kubooka mwa munthu aliyense. Mukawapeza obooka mwa munthu wamkulu, ganizirani za malovu musanaganizire za mswachi. Tiziwalo ta m'masaya tinali totupa pang'ono mbali zonse, tosapweteka, ndipo titasisitidwa tinatulutsa kadontho kamodzi kolimba pa kabowo koyang'anizana ndi dzino lachiwiri la chibwano chakumwamba.

Malovu amayezedwa m'mawa, wodwala atakhala ola lathunthu osadya, osamwa, osatsuka mano. Akhale pansi, ameze kaye, aweramitse mutu, malovu azidontha okha m'kabotolo kwa mphindi 15, osalankhula, osatafuna. Muyeze ndi sirinji ya 5 ml, thovu musaliwerengere. Munthu wabwino amatulutsa 0.3 mpaka 0.4 ml pa mphindi. Malire a matenda ndi 0.1 ml pa mphindi, kutanthauza 1.5 ml pa mphindi 15. Mayiwa anatulutsa 0.6 ml.

Za ku labotale: HIV analibe, hepatitis C analibe, shuga 5.8 mmol/L, Hb (mlingo wa magazi) 10.9 g/dL, ESR (chizindikiro cha kutupa m'thupi) 68 mm pa ola, rheumatoid factor ndi anti-Ro (mapuloteni a chitetezo otembenukira thupi lomwe) anapezeka onse. Zopalidwa m'mphepete mwa chilonda zinaonetsa mabakiteriya obulungira a Gram-positive ounjikana m'magulumagulu, mayeso a KOH sanaonetse fangasi, ndipo pa mbale panamera Staphylococcus aureus womvera ciprofloxacin.

Kuyeza HIV sikunali kongotsatira mwambo. Kachilomboka kamatha kutupitsa tiziwalo ta m'masaya ndi kuumitsa maso ndi kukamwa mofanana ndendende ndi Sjögren, ndipo kuno kwathu ndiko koyamba kukaganizira. Shuga wokwera ndi kuchepa kwa vitamini A nazonso zimaumitsa.

Dzina la matenda

Henrik Sjögren, dokotala wa maso wa ku Sweden, anafotokoza matendawa mu 1933 mwa amayi 19, ndipo 13 mwa iwo analinso ndi nyamakazi. Chitetezo cha thupi chimatembenukira tiziwalo ta misozi ndi malovu, maselo oyera amadzazana m'menemo, ndipo maselo opanga madzi amafooka n'kutha. Pa odwala 10, pafupifupi 9 amakhala amayi. Malamulo a 2016 ozindikirira matendawa, a ACR/EULAR (mabungwe a madokotala a nyamakazi a ku America ndi ku Ulaya), amapereka mapointi 3 pa anti-Ro, 3 pa kanyama ka mlomo koonetsa maselo ounjikana, ndi pointi imodziimodzi pa Schirmer, pa malovu ochepa, ndi pa timadontho tooneka ndi utoto pa galasi la diso. Pamafunika mapointi 4.

Koma mayeso ochitidwa munthu akumwa amitriptyline ndi Piriton sangakhulupiridwe, popeza mankhwalawa amatseka uthenga wa acetylcholine umene umauza tiziwalo kuti titulutse madzi. Choncho tinayezanso patatha masabata 4 chisiyireni. Malovu anakwera kufika 1.2 ml pa mphindi 15, Schirmer anafika 4 mm kumanja ndi 3 mm kumanzere. Kusiyana kwa 0.6 ndi 1.2 ndi gawo la mankhwala: theka la malovu otsala ankalandidwa ndi mapiritsi. Komabe zonse zinakhalabe pansi pa malire, ndipo mapointi anakwana 5.

Chimene chimatayika misozi ikauma

Diso labwino limasunga misozi yokwana mamaikirolita 7 okha, ndipo mphindi iliyonse imodzi kapena awiri amalowa m'malo mwa akale. M'kadontho kameneka muli mapuloteni ochuluka modabwitsa. Lysozyme yekha amakhala 1 mpaka 3 mg pa ml, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 4 a mapuloteni onse a m'misozi.

Anamutulukira ndi Alexander Fleming ku St Mary's Hospital ku London. Mu Novembala 1921 ali ndi chimfine, anaika mamina ake pa mbale yomeretsera mabakiteriya, ndipo patapita masiku anaona kuti mabakiteriya ena achikasu asungunuka pozungulira maminawo. Anamupezanso m'misozi, m'malovu, ndi m'choyera cha dzira, n'kulemba zimenezi mu 1922, zaka 6 penicillin asanabwere. Bakiteriya wachikasuyo anamutcha Micrococcus lysodeikticus, amene lero amatchedwa Micrococcus luteus. Mu 1965 David Phillips ndi anzake ku Royal Institution anajambula kapangidwe ka lysozyme wa dzira la nkhuku, ndipo anali enzyme (puloteni yofulumizitsa ntchito za m'thupi) woyamba kuonedwa mwa njira imeneyi. Wa munthu ali ndi ma amino acid 130, wa nkhuku 129.

Ntchito yake ndi yodula mpanda. Bakiteriya amakutidwa ndi ukonde wotchedwa peptidoglycan, wolukidwa ndi mashuga awiri otsatizana, NAG ndi NAM, omangidwa mopingasa ndi timapuloteni tifupitifupi. M'kati mwa bakiteriya muli mphamvu yokankhira kunja, ndipo ukondewu ndi umene umamugwira, monga tayala la njinga limagwirira chubu chopopedwa. Lysozyme amadula mfundo ya pakati pa NAM ndi NAG. Tayala likang'ambika chubu chimatuluka n'kuphulika.

Pano pali chinthu chimene owerenga lipotili asachilumphe. Bakiteriya amene anadya diso la mayiwa, Staphylococcus aureus, samva lysozyme. Ali ndi enzyme wake, OatA, amene amamata kachidutswa ka acetyl pa NAM, ndipo lysozyme akafika amalephera kugwira. Streptococcus pneumoniae amachita zofanana pochotsa acetyl pa NAG. Mabakiteriya a Gram-negative, monga Pseudomonas, ali ndi chikopa china kunja kwa mpanda chimene lysozyme sadutsa mosavuta, ndipo ena monga E. coli amapanga puloteni yomuphimba pakamwa. Fleming mwiniwake anaona kuti enzyme wakeyu amasungunula kwambiri mabakiteriya osavulaza kusiyana ndi oopsa. Choncho kunena kuti chilondachi chinabwera chifukwa lysozyme anachepa ndi kunena theka.

Theka linalo ndi ili. M'misozi muli phospholipase A2 wa gulu IIA, wochepa poyerekeza ndi lysozyme, mamaikirogalamu makumi angapo pa ml, koma waukali. Iye amalowa kupyola mpanda wa mabakiteriya a Gram-positive n'kukagaya mafuta a nembanemba yam'kati, ndipo amafuna calcium kuti agwire ntchito. Mu 1998 Qu ndi Lehrer anaonetsa kuti ndiye wakupha wamkulu wa staphylococcus m'misozi ya munthu. Mulinso lactoferrin, pafupifupi wochuluka ngati lysozyme. Iyeyu ntchito yake yaikulu si ya enzyme: amamanga ayironi, awiri pa molekyulu iliyonse, kuti mabakiteriya asowe chokulira, komanso amagwedeza chikopa chakunja cha Gram-negative kuti lysozyme apeze polowera. Onjezani IgA, puloteni ya chitetezo, amene amaletsa mabakiteriya kumatirira, ndi kuphethira kumene kumasesa zonse kupita ku kabowo ka pangodya ya diso.

Zambiri mwa izi zimapangidwa ndi maselo amodzimodzi a kachiwalo ka misozi. Kachiwaloko kakawonongeka zimatsikira pamodzi. Khungu la pamwamba pa galasi, lomwe likakhala lathunthu mabakiteriya ambiri salibowola, limang'ambikang'ambika ndi kuuma, monga tinaonera ku diso lamanja. Kenako dexamethasone anabwera n'kugonetsa maselo oyera amene akanathamangira pa bala. Khomo lotseguka, alonda kulibe, ndipo staphylococcus amakhala pafupi, m'mphepete mwa zikope ndi m'mphuno.

Za mkaka wa m'mawere, mpongozi uja sanalakwe poganiza kuti muli mphamvu. Muli lysozyme wochuluka maulendo masauzande kuposa wa mkaka wa ng'ombe, muli lactoferrin ndi IgA, ndipo zimateteza matumbo a khanda. Koma lysozyme wake ndi wochepa kuposa wa misozi yabwino, S. aureus samumva, mkakawo uli ndi shuga wa lactose, ndipo umanyamula mabakiteriya a pakhungu la bere. Choipitsitsa ndi masiku amene amatayika podikira kuti ugwire ntchito. Kafukufuku wa Courtright, Lewallen ndi anzawo kumidzi ya ku Malawi, wofalitsidwa mu 1994, anaonetsa kuti pafupifupi mmodzi mwa odwala atatu a matenda a galasi la diso ankayamba adontheza za kumudzi asanafike kuchipatala. Funsani modekha, popanda kukalipa, apo ayi sadzakuuzani.

Chimene chimatayika malovu akauma

Munthu amapanga malovu 0.5 mpaka 1.5 malita pa tsiku, ndipo akagona amatsala pang'ono kulekeratu. Lysozyme ndi lactoferrin alimo, koma ochepa kwambiri kuposa m'misozi. Chida chodziwika cha m'kamwa ndi peroxidase, ndipo chimafuna zinthu zitatu zikumane. Choyamba ndi enzyme mwiniwake, wochokera m'tiziwalo ta malovu, wothandizidwa ndi myeloperoxidase wa maselo oyera otuluka m'mphepete mwa nkhama. Chachiwiri ndi thiocyanate, mchere umene tiziwalo timatenga m'magazi, ndipo umachokera ku zakudya monga kabichi, mpiru ndi chinangwa. Chachitatu ndi hydrogen peroxide, amene mbali ina amapangidwa ndi mabakiteriya abwino a m'kamwa momwemo. Zikakumana pamatuluka hypothiocyanite, amene amalowa mwa Streptococcus mutans n'kutseka ma enzyme ake ogayira shuga. Bakiteriya sakufa, koma amaleka kutulutsa asidi kwa kanthawi. Pa dzino, zimenezo n'zokwanira.

Chikopa cholimba cha dzino chimayamba kusungunuka pH (mlingo umene umatsika asidi akachuluka) ikatsika pa 5.5, koma muzu woonekera m'khosi mwa dzino umayamba kale pH ili pamwamba pa 6. Suwiti imodzi imatsitsa pH m'mphindi zochepa, ndipo m'kamwa mwabwino bicarbonate wa m'malovu amaibweza pasanathe ola. M'kamwa mouma imakhala pansi nthawi yaitali, ndipo mayiwa ankaponya suwiti ina yoyambayo isanatheretu. Bwemba ndiye amabwera ndi asidi wake. Malambe ndi mandimu n'chimodzimodzi: amaputa malovu, inde, koma amadya mano.

Lilime lofiira lija linali fangasi wa Candida. M'kamwa mouma nthawi zambiri saoneka ngati zoyera zomatirira zimene tinazolowera kwa odwala Edzi, amaoneka ngati kufiira ndi kutentha, choncho amaphonyeka. Amene amamuletsa mwa munthu wabwino ndi timapuloteni ta histatin, lactoferrin ndi lysozyme, zonse za m'malovu.

Kuyeza lysozyme n'kotheka ngakhale m'labotale yaing'ono, mwa njira ya Osserman ndi Lawlor ya 1966. Micrococcus wouma 50 mg amasakanizidwa mu 100 ml ya agar wa 1% wa pH 6.3, agar atazizirako koma asanagwire. Mbale ikalimba amabowola timaenje, amathiramo zoyezedwa pamodzi ndi lysozyme wa mlingo wodziwika, n'kusiya usiku umodzi. Pozungulira dzenje pamayera, ndipo kukula kwa bwaloli kumatsatira logarithm ya mlingo. Lysozyme wa munthu ndi wamphamvu kuposa wa dzira, choncho mukayerekeza ndi wa dzira mulembe zimenezo pa zotsatira. Kwa mayiwa sikunafunikire. Kapepala ka Schirmer ndi kabotolo ka malovu zinanena kale zokwanira kusintha chithandizo.

Chithandizo cha diso

Dexamethasone ndi mkaka zinaletsedwa pomwepo, ndipo chilonda chinapalidwa mankhwala asanayambe. Mayiwa anagonekedwa, chifukwa kudontheza ola lililonse usiku sikutheka munthu ali yekha kunyumba. Ciprofloxacin 0.3% anaperekedwa dontho limodzi ola lililonse usana ndi usiku kwa maola 48, kenako ola lililonse masana okha mpaka tsiku la 5, ndipo usiku mafuta a chloramphenicol 1%. Atropine 1% kawiri pa tsiku anachepetsa ululu. Diso silinamatidwe ndi bandeji, popeza kutentha ndi mdima zimakondweretsa mabakiteriya. Dontho limodzi ndi lokwanira: lili ndi mamaikirolita 30 mpaka 50, kuposa zimene diso lingasunge, ndipo lachiwiri limangotsikira pa tsaya. Chilonda chinkayezedwa ndi kujambulidwa m'failo tsiku lililonse.

Pa tsiku la 3 pa chilonda panaoneka zoyera ngati choko. Zimenezi zimaopsa, koma ululu unali utachepa ndipo m'mphepete munali mukufupika. Zinali timiyala ta ciprofloxacin, amene amaundana pa bala, makamaka m'diso lopanda misozi yomutsuka. Sizinali chifukwa chosinthira mankhwala, ndipo zinachoka titachepetsa kudontheza.

Vuto lenileni linabwera pa tsiku la 9. Mafinya anali atatha, koma bala la 1 mm linaima osatsekeka masiku 4 otsatizana. Apa ambiri amawonjezera maantibayotiki, ndipo kumeneko n'kulakwitsa. Mabotolo ambiri odontheza ali ndi benzalkonium chloride wotetezera mankhwala kuti asawonongeke, ndipo iyeyu amapha maselo a pamwamba pa galasi. Diso labwino limamutsuka m'mphindi zochepa. Diso louma limakhala naye. Mayiwa ankalandira madontho otere oposa 15 pa tsiku, kuphatikizapo misozi yopanga ya m'botolo wamba. Ciprofloxacin anatsitsidwa kufika kanayi pa tsiku, atropine anasiyidwa, misozi yopanga inasinthidwa kukhala ya timachubu topanda zotetezera maola 2 aliwonse, ndipo usiku mafuta ndi kumata chikope ndi kapulasitala kuti chisatseguke ali m'tulo. Bala linatsekeka pa tsiku la 17. Madontho a diclofenac ndi anzake sanaperekedwe konse, chifukwa m'diso louma la munthu wa nyamakazi amatha kusungunula galasi mpaka kubooka.

Pa sabata la 6, matenda atatheratu, timabowo ta m'munsi totulukira misozi tinatsekedwa mowotcha m'maso onse, kuti kochepa kamene kapangidwa kazikhalitsa. Izi sazichita mabakiteriya akadalipo. Madontho a seramu (madzi a m'magazi) ya wodwala mwini, yosungunulidwa kufika 20% ndi saline, anaganiziridwa. Seramu ili ndi vitamini A ndi zomeretsa khungu, ngakhale lysozyme wake ndi wochepa maulendo oposa 100 poyerekeza ndi misozi. Koma imasungidwa youndana, botolo lotsegula limakhala m'firiji masiku ochepa okha, ndipo mayiwa alibe firiji. Seramu yofunda ndi chakudya cha mabakiteriya, choncho inasiyidwa.

Chithandizo cha m'kamwa ndi thupi

Piriton analetsedwa. Amitriptyline anadulidwa theka kwa sabata limodzi kenako n'kusiyidwa, ndipo kutentha kwa mapazi kunaonedwa ngati mbali ya Sjögren yemweyo, amene amakhudza timitsempha ting'onoting'ono. Hydrochlorothiazide analowedwa m'malo ndi amlodipine 5 mg, nkhama zikuyang'aniridwa chifukwa nthawi zina amazikulitsa.

Candida anathandizidwa ndi fluconazole 100 mg pa tsiku kwa masiku 14, kuyambira amitriptyline atasiyidwa, popeza fluconazole amakweza mlingo wake m'magazi. Nystatin wamadzi sanasankhidwe chifukwa ali ndi shuga wambiri, ndipo kumupaka kanayi pa tsiku pa mano obooka n'kuthira mafuta pa moto. M'ngodya za milomo munapakidwa miconazole 2%.

Mano 3 anazulidwa, 6 anamatidwa ndi glass ionomer, amene amatulutsa fluoride pang'onopang'ono, ngakhale kuti m'kamwa mouma amakonda kuuma n'kusweka m'mphepete ndipo amafuna kuonedwa pafupipafupi. Vanishi ya sodium fluoride 5% inapakidwa pa mano onse, kubwereza miyezi 3 iliyonse. Malangizo anaperekedwa m'mawu awa: "Mayi, tsukani kawiri pa tsiku ndi mankhwala a fluoride 1450 ppm, makamaka pogona. Mukatsuka lavulani, koma musachukuche ndi madzi. Masuwiti ndi bwemba zilekeni, yendani ndi botolo la madzi muzipsontha pang'onopang'ono. Chingamu chikhale chopanda shuga. Tiyi wa shuga imwani pa nthawi ya chakudya basi." Zochukuchira zokhala ndi mowa zinaletsedwa.

Pamsika pali mankhwala otsukira mano ndi odzola m'kamwa okhala ndi lysozyme, lactoferrin ndi lactoperoxidase. Ena amati amawapepukitsa kukamwa, koma umboni woti amaletsa kubooka kwa mano ndi wofooka, ndipo lysozyme wake amachokera ku dzira, zomwe odana ndi mazira ayenera kudziwa. Ndalama zikakhala zochepa, zipite ku fluoride. Pilocarpine 5 mg katatu kapena kanayi pa tsiku amafinya tiziwalo totsala kuti titulutse malovu enieni ndi ma enzyme ake, koma amatulutsa thukuta lambiri, saperekedwa kwa wa mphumu yosagonja kapena diso lotupa m'kati, ndipo sapezekapezeka. Hydroxychloroquine 200 mg pa tsiku anayambidwa chifukwa cha zala, osati kuuma: kafukufuku wa JOQUER wa ku France, wa odwala 120, wofalitsidwa mu 2014, sanapeze kuti amachepetsa kuuma pa masabata 24. Mayiwa amalemera 62 kg, ndipo mlingo usapitirire 5 mg pa kg pa tsiku poteteza nembanemba yoonera ya kumbuyo kwa diso.

Zotsatira

Pa miyezi 6 kuona kunali 6/6 kumanja ndi 6/18 kumanzere, ndi chipsera chotuwa m'munsi mwa kamwana ka diso. Chilonda sichinabwerere. Mbaula anaisunthira kunja kwa chisakasa kuti utsi uziuluka, ndipo amavala magalasi otchinga m'mbali pa nyengo ya fumbi. Usiku amadzuka kamodzi. Schirmer anali 6 mm kumanja ndi 5 mm kumanzere, malovu 1.3 ml pa mphindi 15. Candida anabwerera kamodzi pa mwezi wa 4 ndipo anamva fluconazole wa masiku 7.

Dzino limodzi linapezeka ndi bowo latsopano m'mphepete mwa pomata, ndipo mayiwa anavomera kuti pa nthawi yotentha ya Okutobala anabwerera ku bwemba. Linamatidwanso, vanishi inapakidwa. Kachiwalo ka tsaya lamanja kanali kokulirapo pang'ono kuposa ka kumanzere, kofewa, kosapweteka. Popeza pafupifupi wodwala Sjögren mmodzi mwa 20 amadzadwala lymphoma, khansa ya maselo oyera, kukula kwake kunayezedwa ndi kulembedwa, ndipo anauzidwa kuti kakalimba kapena kukula, kapena akayamba kuonda ndi kutuluka thukuta usiku, abwere osadikira tsiku lawo. Adzaonedwanso pakatha masabata 6, ndipo kakadzapezeka kasanaphwe adzatumizidwa kukajambulidwa ndi ultrasound ndi kukatengedwa kanyama.